Matumba onse a ku Tsangano akuoneka ngati anagulidwa 7 koloko madzulo: vuto lili pati?

Funso

Ndimalemba mapulogalamu a kompyuta ndipo ndikugwira ntchito ndi gulu la alimi a kachewere kuno ku Ntcheu. Tili ndi malo atatu ogulira mbatata: ku Lizulu, ku Biriwiri ndi ku Tsangano. Kalaliki akayeza thumba pa sikelo amalemba pa foni, uthenga umapita ku seva (kompyuta yolandira mauthenga onse) kudzera mu Kafka (pulogalamu yonyamula ndi kusunga mauthenga), ndipo tsamba la ku ofesi limaonetsa matumba ogulidwa ola lililonse ndi tsiku lililonse. A ku Tsangano netiweki imawavuta, moti tsiku lonse tsamba limaonetsa kuti sanagule kanthu, kenako 7 koloko madzulo matumba 60 amatulukira pa ola limodzi. Masiku ena mtengo umasintha masana, ndiye msungichuma akudandaula kuti sakudziwa thumba liti linagulidwa pa mtengo uti. Ndamva kuti Flink, pulogalamu yowerengera mauthenga pamene akufika, ili ndi zotchedwa event time ndi watermark. Zimagwira bwanji ntchito, ndipo kodi zingandithetsere vutoli?

Yankho

Achimwene, theka la vuto lanuli makina angalithetse. Theka linalo muyenera kukhalirana pansi ndi msungichuma wanuyo, chifukwa ndi nkhani yakuti mudikire mpaka liti, ndipo zimenezo Flink singakusankhireni.

Thumba lililonse lili ndi nthawi ziwiri. Yoyamba ndi imene linakwera pa sikelo ku Tsangano, tinene kuti 10 koloko m'mawa. Yachiwiri ndi imene seva yanu inamva za thumbalo, 7 koloko madzulo, kalaliki atafika pamalo pomwe foni imagwira. Yoyambayo ndiyo akatswiri amaitcha event time, nthawi yochitikira. Yachiwiriyo amati processing time, nthawi imene makina akuwerengera. Zili ngati kalata: pamwamba pali tsiku limene mwini anailemba, koma wolandira amaimva tsiku limene yafika m'manja mwake. Tsamba lanu likusanja matumba potengera nthawi yofika, n'chifukwa chake likunena kuti kalaliki mmodzi anayeza matumba 60 pa ola limodzi.

Musanafike ku Flink, yang'anani kaye pa Kafka pomwepo, chifukwa ambiri amakodwa apa. Kuyambira mu 2016, pa mtundu wa 0.10, uthenga uliwonse wa mu Kafka umanyamula nthawi yake. Nthawiyo imatha kukhala CreateTime, yoikidwa ndi pulogalamu imene ikuponya uthengawo, kapena LogAppendTime, yoikidwa ndi Kafka mwini pamene akuusunga. Munthu akamva dzina loti CreateTime amaganiza kuti basi wapeza nthawi yochitikira. Koma amene amaponya uthenga mu Kafka kwanuko ndi ndani? Mwachidziwikire si foni ya kalaliki, ndi seva yanu ikalandira kuchokera ku foniyo. Ndiye ngati simunaike nokha nthawi ina, CreateTime ikhalabe 7 koloko madzulo. Nthawi yoyezera thumba iyenera kulembedwa ndi foni m'kati mwa lekodi lenilenilo, kutanthauza zolembedwa za thumba limodzi, pambali pa dzina la mlimi ndi makilogalamu, ndipo pulogalamu yowerengera muiuze kuti izitenga nthawi kuchokera mmenemo. Mukangochita zimenezi, matumba 60 aja amwazika m'maola awo enieni.

Apa m'pamene pamabadwa funso lovuta. Ngati mukusanja matumba m'zigawo za ola limodzi, zimene amati window, kodi chigawo cha 10 koloko mpaka 11 koloko chimatha liti? Pa wotchi chimatha 11 koloko. Koma pa 11 koloko seva sinalandirebe zonse za ola limenelo, ndipo ilibe njira yodziwira kuti zatsala zingati m'mafoni.

Ndinakulira kufupi ndi Bembeke, ndipo chithunzi chimene chimandithandiza ndi cha lole yodikira ngolo. Dalaivala waima pa msewu, akufuna kunyamuka ndi mbatata kupita ku Lilongwe, ngolo zikubwera kuchokera m'midzi. Sizifika motsatira mmene zinanyamukira: ya pafupi yonyamuka mochedwa imadutsa ya kutali yonyamuka mbandakucha. Dalaivala sangaone kuseri kwa phiri. Chimene amachita ndi kufunsa aliyense wofika kuti ananyamuka nthawi yanji. Akamva kuti uyu wafikayu ananyamuka 2 koloko, ndipo iye akudziwa kuti ngolo yochedwetsetsa simapitirira maola awiri pa njira, amati mumtima: onse amene ananyamuka isanakwane 12 koloko afika kale. Mawu a mumtimawo ndiwo watermark. Ndi chizindikiro chimene chimayenda limodzi ndi malekodi, chonena kuti zonse zochitika isanafike nthawi yakutiyakuti tikuganiza kuti zafika. Onani mawu akuti tikuganiza. Dalaivala sanaone ngolo imene yathyoka gudumu kudambo.

Mu Flink njira yodziwika kwambiri imatchedwa forBoundedOutOfOrderness. Mumaiuza kuti malekodi angachedwe motalika bwanji, ndipo iyo imatenga nthawi yochitikira yaikulu kwambiri imene yaiona n'kuchotsapo kuchedwako. Tiyese ndi mphindi 30. Kwafika lekodi la 10:05, kenako la 10:40, kenako la 10:20. Lachitatuli lafika mosatsata mzere, koma palibe chovuta, limalowa m'chigawo chake. Kwafika la 11:10, watermark yafika cha pa 10:40, chigawo cha 10 koloko chikadali chotsegula ngakhale kuti ola latha. Kwafika la 11:35, watermark yafika cha pa 11:05, yadutsa 11 koloko, ndipo pamenepo Flink imatseka chigawocho n'kutulutsa chiwerengero. Zindikirani kuti wotchi ya pakhoma la ofesi sinatengepo mbali. Chimene chimakankha watermark ndi malekodi okha. Spark, pulogalamu ina ya ntchito yofanana ndi Flink, nayonso imachita chimodzimodzi kudzera mu withWatermark, imene inabwera pa mtundu wa 2.1 mu 2016.

Ganizo limeneli linakhwimira ku Google. Linafotokozedwa mu pepala la kafukufuku la MillWheel mu 2013, kenako mu 2015 Tyler Akidau ndi anzake analemba za njira ya Dataflow, imene pambuyo pake inakhala maziko a pulogalamu ya Apache Beam. Flink, yomwe inayambira ku Berlin ngati kafukufuku wotchedwa Stratosphere n'kulowa m'gulu la Apache mu 2014, inatenga maganizo omwewo. Ndikutchula izi chifukwa Akidau ndi anzake anavomereza poyera kuti pali watermark ya mitundu iwiri: yotsimikizika, pamene ukudziwa ndithu kuti zonse zafika, ndi yongoyerekeza. Kulikonse kumene kuli mafoni a anthu, imene umakhala nayo ndi yongoyerekezayo.

Tsopano lekodi la 10:50 likafika chigawo chitatsekedwa kale, chimachitika n'chiyani? Pano ndikupemphani mutchere khutu kwambiri. Mukapanda kuiuza kanthu, Flink imalitaya. Silimaoneka pa tsamba, palibe uthenga wofiira wokuchenjezani. Kwa amene akuwerenga anthu otsegula tsamba la pa intaneti, kutaya mmodzi pa ambirimbiri si nkhani. Kwa inu lekodi limenelo ndi thumba la mayi wina amene analisenzetsa pa ngolo, ndipo akudikira ndalama yake. Flink ili ndi zitseko ziwiri zopulumutsira. Choyamba ndi allowedLateness: chigawo chimatulutsa chiwerengero pamene watermark yadutsa, koma chimasungidwabe kwa nthawi imene mwanena, ndipo lekodi lochedwa likafika chimatulutsanso chiwerengero chokonzedwa. Chachiwiri ndi sideOutputLateData, imene imapatutsira pambali malekodi ochedwa kupitirira pamenepo kuti muwaone ndi maso. Pa nkhani ya ndalama, chitseko chachiwirichi musachisiye chotseka ngakhale tsiku limodzi. Ndipo mukatsegula choyambacho, tsamba lanu lizilemba chiwerengero chatsopano m'malo mwa chakale. Likamaonjezera pamwamba, matumba 40 okonzedwa kukhala 41 adzaoneka ngati 81. A Kafka Streams, chida cha Kafka chowerengera malekodi, ali ndi zofanana, amazitcha grace period. Kale inkangokhala maola 24 munthu akapanda kunena, koma kuyambira mtundu wa 3.0 mu 2021 anabweretsa njira zatsopano zimene zimafuna kuti wolemba pulogalamu asankhe yekha, ndipo ine ndimaona kuti anachita bwino.

Ndiye mwina mukuti, bwanji ndingoika kuchedwa kwa maola 10 kuti Tsangano alowe? Mungathe. Koma chiwerengero cha 10 koloko m'mawa cha Lizulu, chimene chinafika chonse 11 koloko isanapitirire, chidzatuluka usiku, mwinanso m'mawa mwake, popeza watermark imasuntha pokhapokha malekodi atsopano akafika ndipo usiku palibe amene akuyeza. Mukafupikitsa, tsamba limafulumira koma Tsangano amakhala wochedwa tsiku lililonse. Palibe nambala imodzi yokomera onse, chifukwa malo anu atatu sachedwa mofanana.

Pali chinanso chimene chimadabwitsa oyamba kumene. Watermark siisungidwa payokhapayokha pa malo ogulira aliwonse, ngakhale mutasanja malekodi ndi keyBy, lamulo la Flink logawa malekodi m'magulu. Imatsata mipita imene malekodi amadzera, monga ma partition a Kafka. Ngati malo onse atatu akudzera mpita umodzi, Lizulu wa pa M1 amene netiweki yake ili bwino ndiye amakoka watermark kupita patsogolo, ndipo Tsangano amapezeka watsekeredwa kunja. Ngati aliyense ali ndi mpita wake, Flink imatenga watermark yaing'ono kwambiri pa yonseyo, ndiye Tsangano akakhala chete, tsamba lonse limaima, Lizulu ndi Biriwiri omwe. Ambiri amathera tsiku akufufuza chimene chafa, pamene makina akungodikira mokhulupirika. Mankhwala ake ndi withIdleness, imene imati mpita ukakhala chete kwa mphindi zakutizakuti usawerengedwe. Tsamba limayendanso, koma mwabwerera pomwe paja: Tsangano akadzuka madzulo, malekodi ake ndi ochedwa.

N'chifukwa chake ine ndikanakhala inu sindikanadalira kuyerekeza kokhakokha. Muli ndi mwayi umene makampani aakulu alibe: makalaliki anu ndi ochepa ndipo mumawadziwa ndi maina. Lekodi lililonse lipatseni nambala yotsatizana ya pa foni imeneyo, 1, 2, 3, kuyambira m'mawa. Kenako ikani batani loti kalaliki akatseka sikelo azidina, foni itumize uthenga wakuti lero ku Tsangano ndalemba malekodi 64 ndipo ndatseka. Seva ikaona 64 onse, tsiku la Tsangano latha motsimikizika. Ikaona kuti 41 palibe, mukudziwa chenicheni choimbira foni. Uku n'kumusandutsa dalaivala uja kukhala munthu amene wapatsidwa mndandanda wa ngolo zonse zimene zanyamuka. Nambala yomweyo, mukaiphatikiza ndi dzina la foni ndi tsiku, imakuthandizaninso pa malekodi obwera kawiri. Netiweki ikaduka pakati, foni sidziwa ngati uthenga wafika, imatumizanso, ndipo popanda chizindikiro chapadera thumba limodzi limalipidwa kawiri.

Tsopano za wotchi, chifukwa zonse ndanenazi zatsamira pa nthawi imene foni yalemba, ndipo foni imanama. Batire ikatheratu, mafoni ena amadzuka ali pa tsiku lolakwika mpaka atapezanso netiweki. Ena eni ake anazimitsa zoti nthawi izidzikonza yokha. Wotchi yotsalira m'mbuyo imachititsa malekodi a foni imodziyo kuoneka ochedwa, zimenezo n'zopiririka. Yoopsa ndi yothamangira kutsogolo. Ndinaziona ndekha pa ntchito ina yosonkhanitsa malipoti a m'midzi: foni imodzi inali patsogolo ndi tsiku lathunthu. Lekodi lake limodzi linakankha watermark kufika mawa, zigawo zonse za tsikulo zinatsekeka nthawi yomweyo, ndipo malekodi abwinobwino a anthu ena onse anayamba kuonedwa ngati ochedwa. Watermark sibwerera m'mbuyo. Tinapulumuka chifukwa malekodi onse anali akadali mu Kafka, tinachotsa loipalo n'kuwerenganso kuyambira pachiyambi. Kuyambira pamenepo ndimaika mlonda pakhomo: lekodi lililonse limene nthawi yake yochitikira ili patsogolo pa wotchi ya seva kupitirira mphindi zochepa limapatutsidwa lisanakhudze watermark.

Pali njira yokonzera wotchi yolakwika imene imagwira bwino. Sungani nthawi zitatu: imene thumba linayezedwa malinga ndi foni, imene uthenga unatumizidwa malinga ndi foni yomweyo, ndi imene unafika malinga ndi seva. Tinene kuti foni ikuti inayeza 11:50 n'kutumiza 18:40, pamene seva ikuti yalandira 19:00. Ulendo wa uthenga pa netiweki ndi masekondi chabe, ndiye kusiyana kwa mphindi 20 kukutanthauza kuti wotchi ya foni ikutsalira ndi mphindi 20, ndipo thumbalo linayezedwa 12:10. Njirayi imalephera ngati wotchi inasinthidwa pakati pa kuyeza ndi kutumiza, monga foni ikadzikonza itangopeza netiweki, zimene ku Tsangano zingachitike kawirikawiri. Pa Android mungadziteteze posunganso elapsedRealtime, imene imawerenga nthawi kuyambira pamene foni inayatsidwa ndipo sisokonezedwa ndi kusintha wotchi, ngakhale imayambiranso foni ikazimitsidwa.

Chitsanzo chimenechi chikutifikitsa pa dandaulo la msungichuma. Ngati mtengo unasintha 12 koloko, thumba lija la 11:50 kapena 12:10 ligwera mbali iti? Langizo langa n'lakuti musalole makina owerengera kusankha mtengo potengera wotchi. Taganizani: mtengo watsopano unalengezedwa ku ofesi masana, koma kalaliki wa ku Tsangano analibe netiweki, ndiye sanaumve. Iye ndi mlimi anagwirizana pa mtengo wakale, mwina analemba ndi lisiti. Chimene chinachitikadi pa sikelopo ndi chimenecho. Mtengo umene mlimi anauzidwa ulembedwe m'lekodi momwemo pa nthawi yoyeza. Ngati gulu lingafune kuonjezera ndalama kwa amene anagulitsa mtengo utakwera kale, chimenecho chikhale chigamulo cha komiti, cholembedwa ngati lekodi lina, ndipo apo nthawi yokonzedwa ija idzakuthandizani kudziwa oyenera kulandira.

Malire a tsiku nawonso muwayang'ane. Makompyuta amawerenga nthawi kuyambira pa 1 January 1970 pa nthawi ya UTC, imene mayiko onse amayerekezerapo nthawi zawo, ndipo zigawo za tsiku limodzi za Flink zimayambira pakati pa usiku pa nthawi imeneyo. Malawi ali patsogolo ndi maola 2, ndiye mukapanda kukonza, tsiku lanu liziyamba 2 koloko usiku. Kuyeza masana simungaone kusiyana, koma tsiku limene lole ipakira 1 koloko usiku matumbawo adzagwera pa dzulo. Mumangosuntha chigawocho ndi maola 2 kubwerera m'mbuyo. Mwayi wathu ndi wakuti sitisintha mawotchi ndi nyengo monga a ku Ulaya, ndipo Mozambique ali pa nthawi imodzi ndi ife, choncho foni ya ku Lizulu ikagwira netiweki ya kutsidya kwa msewu ola silisintha.

Phindu lina la nthawi yochitikira mudzaliona tsiku limene mudzapeze cholakwika m'pulogalamu n'kufuna kuwerenganso malekodi a mwezi wonse. Powerengera nthawi yofikira, mwezi wonsewo udzaunjikana pa mphindi zochepa zimene makina akuwerenganso. Powerengera nthawi yochitikira, thumba lililonse lidzabwerera pa ola lake.

Ndinenenso ichi mosabisa, ngakhale mwafunsa za Flink. Pa malo atatu ndi malekodi mazana ochepa pa tsiku, mwina simukuifuna n'komwe. Flink inapangidwira malekodi ochuluka kwambiri moti sungathe kuwasunga onse n'kumawerenganso nthawi iliyonse, ndipo watermark ndi imene imaiuza kuti ingaiwale liti zakale n'kumasula malo. Inu malo simukuwasowa. Tebulo limodzi mu pulogalamu yosungira malekodi ya PostgreSQL, lokhala ndi nthawi yoyezera, nthawi yotumizira, nthawi yofikira, nambala ya lekodi ndi mtengo, lingakwane. Tsamba likatsegulidwa liziwerenga mwatsopano potengera nthawi yoyezera, ndipo lekodi lofika patatha masiku atatu lidzalowa lokha pamalo pake popanda chotayika. Kusamalira Flink kumafuna makina oyaka usana ndi usiku ndi munthu womvetsa mmene imasungira zimene ikukumbukira, ndipo gulu la alimi likataya inu lingavutike kupeza wina. Ngati mukuyembekeza kukula, monga kuika masikelo otumiza okha kapena kufika m'maboma ena, phunzirani Flink ndithu, zonse tafotokozazi zidzakhala zomwezo.

Mulimonse mmene mungasankhire, yambani ndi kuyeza kuchedwa kwenikweni. Kwa masabata awiri sungani kusiyana pakati pa nthawi yoyezera ndi nthawi yofikira pa malo aliwonse, ndipo mudzayezenso mvula ikayamba, chifukwa njira ndi magetsi zimasintha. Manambala amenewo mupite nawo kwa msungichuma, mumufunse kuti chiwerengero cha tsiku amachifuna nthawi yanji kuti atumize lole, ndipo chimene amachifuna polipira alimi n'cha nthawi yanji. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi ziwerengero ziwiri zosiyana: chamsanga chimene chingasinthe, ndi chotsekedwa chimene chimadikira batani la makalaliki onse atatu. Pa tsambapo muzisiyanitse ndi mawu oonekera, china chilembedwe kuti chikusinthabe, china kuti chatsekedwa. Ndipo pambali pa dzina la malo aliwonse muike nthawi ya lekodi lomaliza limene lafika, kuti wa mu ofesi akaona ziro pa Tsangano 3 koloko masana, aonenso pomwepo kuti uthenga womaliza wa kumeneko ndi wa dzulo madzulo.